Kakitasi ndi Zomera Zosunga Madzi: Tifunse Kwawo Tisanathirire

M'chaka chathu choyamba pano pa koleji, pawindo la chipinda chathu chogona panali kachomera kamodzi. Tinakagula kumsika kwa mayi wina wogulitsa maluwa, kali m'chitini cha mkaka. Masamba ake anali okhuthala, obiriwira motuwirako, osanjikizana bwino ngati duwa lotseguka. M'chipindamo tinalimo anthu anayi, ndipo aliyense akadzuka m'mawa ankakathirira madzi otsala m'kapu, osadziwa kuti mnzake wathirira kale. Patatha milungu itatu masamba a m'munsi anayamba kufewa ndi kuchita chikasu. Ife tinati kali ndi ludzu, choncho tinawonjezera madzi. Mlungu wachinayi tinangokakhudza pang'ono, mutu wonse n'kugwera pansi. Tsinde linali lakuda, lonyowa ndiponso lonunkha.

Pambuyo pake ndi pamene tinadziwa kuti kachomerako dzina lake ndi Echeveria, ndipo kwawo ndi kumapiri a miyala a ku Mexico, kumene madzi a mvula sakhalitsa pamizu. Ife tinakasiya m'dothi lamakande, m'chitini chopanda chibowo, n'kumakathirira kanayi pa tsiku. Ndalama yathu ya sopo inapita pachabe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Phunziro lathu likuchokera pa cholakwa chimenechi. Mfundo yake ndi yakuti chomera chilichonse cha m'gululi chimafuna kuti mphika wake ufanane ndi kwawo. Tikadziwa kumene chinachokera, tidziwanso dothi, madzi ndi dzuwa zimene chikufuna.

Kodi zomera zosunga madzi n'ziti?

Izi ndi zomera zimene zili ndi mnofu wokhuthala wosungiramo madzi a m'nyengo ya mvula kuti ziwagwiritse ntchito kukauma. M'mabuku a sayansi zimatchedwa succulents. Si banja limodzi ayi. Zimapezeka m'mabanja ambiri a zomera amene sali pa chibale, koma zonse zimakhala m'malo amene madzi amabwera mwa apo ndi apo.

Zina zimasunga madzi m'masamba, monga aloe vera, khonje, Echeveria ndi Crassula. Zina zimawasunga m'tsinde, monga kakitasi ndi nkhadze. Zina zimatupa patsinde penipeni pafupi ndi mizu, monga Adenium, chomera cha maluwa ofiirira chimene chimamera m'malo otentha a ku Africa ndi ku Arabia. Ngakhale mlambe umatsata njira yomweyi, chifukwa thunthu lake lalikulu lija ndi nkhokwe ya madzi.

Kakitasi yekha ndi banja limodzi lotchedwa Cactaceae, lokhala ndi mitundu yoposa 1,500. Kwawo kwa banjali ndi ku America, kuyambira kumwera kwa Canada mpaka ku Patagonia. Mtundu umodzi wokha, Rhipsalis baccifera, ndi umene umapezekanso wachilengedwe m'nkhalango za ku Africa, Madagascar ndi Sri Lanka, ndipo umalendewera pamitengo ngati zingwe zobiriwira. Kakitasi wina aliyense amene timamuona m'mipanda kapena m'miphika kuno anachita kubwera ndi anthu.

Kusiyanitsa kakitasi ndi nkhadze

Ambiri a ife tikaona chomera chobiriwira, chopanda masamba koma chaminga, timangoti kakitasi. Mitengo ija yanthambi zoloza kumwamba ngati choikapo makandulo, imene ndi yochuluka kumalo osungirako nyama a Liwonde, alendo ambiri amaitcha choncho. Koma imeneyo ndi Euphorbia ingens, m'bale wake wa nkhadze.

Pali zizindikiro ziwiri zotithandiza. Choyamba tiyang'ane pamene munga wamera. Pa kakitasi minga imatuluka pa timitsamiro tating'ono taubweya totchedwa areole, ndipo maluwa ndi nthambi zimatulukanso pomwepo. Timitsamiro timeneti timapezeka pa kakitasi yekha. Pa Euphorbia minga imamera pakhungu lolimba, kawirikawiri iwiriiwiri ngati nyanga. Chachiwiri ndi utomoni. Euphorbia akalasidwa amatulutsa utomoni woyera ngati mkaka, pamene mitundu yambiri ya kakitasi imatulutsa madzi wamba kapena onanda pang'ono.

Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika pa moyo wathu. Utomoni wa nkhadze ndi abale ake umatentha khungu, ndipo ukalowa m'maso ungathe kuwononga diso. Podula zomera zimenezi tivale magolovesi kapena majumbo m'manja, ndipo tisagwire kumaso. Ngati utomoni wagwera m'diso, titsuke ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako tithamangire kuchipatala.

Zimene zimachitika usiku

Chomera chilichonse chimapuma kudzera m'timabowo tating'ono ta pamasamba totchedwa stomata. Chimanga, nyemba ndi ndiwo zamasamba zimatsegula timabowo timeneti masana kuti zikoke mpweya wa carbon dioxide wopangira chakudya. Potero zimataya madzi ambiri, n'chifukwa chake mpiru umalefuka masana dzuwa likawomba.

Kakitasi ndi zomera zambiri zosunga madzi zimachita mosemphana. Masana timabowo timakhala totseka. Usiku kukazizira timatseguka, mpweya umalowa, ndipo chomeracho chimausunga ngati asidi wotchedwa malic acid. Kukacha chimaphwanya asidi uja n'kugwiritsa ntchito mpweyawo popanga chakudya mothandizidwa ndi dzuwa, zitseko zili zotseka. Akatswiri amatcha njira imeneyi CAM, ndipo dzinali linachokera ku banja la Crassula. Chinanazi ndi khonje zimachitanso chimodzimodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Benjamin Heyne, amene ankagwira ntchito ku India, anazindikira kuti masamba a chomera china cha m'banjali amawawasa m'mawa koma pofika masana kuwawasako kumatha. Ankalawa asidi amene anasungidwa usiku.

Njira imeneyi ili ndi zotsatira ziwiri zimene wosamalira ayenera kuzidziwa. Chomeracho chimamwa madzi ochepa kwambiri, kotero madzi amene tathira amakhalitsa m'dothi. Komanso chimakula pang'onopang'ono, chifukwa mpweya umene chingasunge usiku umodzi ndi wochepa. Saguaro, kakitasi wamkulu wa m'chipululu cha Sonora ku Arizona ndi kumpoto kwa Mexico, akakwanitsa zaka 10 angakhale wamtali masentimita 4 okha. Nthambi yake yoyamba imatuluka atapitirira zaka 50, koma amatha kukhala zaka 150 kapena kuposa, n'kutalika mamita 12. Tikaona chomera chathu chikuchedwa kukula, tisafulumire kuthira madzi ndi feteleza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Magulu anayi ndi kwawo

Gulu loyamba ndi kakitasi wa m'malo ouma. M'gululi muli Mammillaria, wamng'ono ndi wozungulira, amene amavala nkhata ya timaluwa pamutu. Echinocactus grusonii wa ku Mexico, wonga mbiya yaminga yachikasu. Ndi Opuntia wa nthambi zaphanthiphanthi ngati zikhatho, amene zipatso zake zimadyedwa. Onsewa amafuna dzuwa lambiri, dothi lamiyala ndi nthawi yaitali yowuma. Minga yawo imawateteza ku nyama komanso imapereka kamthunzi pakhungu. Mizere ya pathupi lawo imalola kuti atupe akamwa madzi ndi kufota akawatha.

Gulu lachiwiri ndi kakitasi wa m'nkhalango. Wodziwika kwambiri ndi Schlumbergera, amene kwawo ndi kumapiri a m'mphepete mwa nyanja kumwera chakum'mawa kwa Brazil. Kumeneko amamera pamitengo ndi pamiyala, mumthunzi ndi m'nkhungu. Ku Ulaya ndi ku North America amachita maluwa chakumapeto kwa chaka, koma kwawo ku Brazil amachita maluwa cha m'Meyi, ndipo ifenso amene tili kumwera kwa equator tiziwayembekezera m'miyezi yozizira. Ameneyu akaikidwa padzuwa lamasana amapsa, ndipo akasiyidwa wouma kwa nthawi yaitali amafota. Amafuna dothi lokhala ndi masamba owola ndi makungwa, lonyowa pang'ono koma losasunga madzi. Chinanso cha m'gululi ndi chomera chobereka chipatso cha dragon fruit, chimene chimayanga pamitengo.

Gulu lachitatu ndi zomera za masamba okhuthala. Echeveria wa ku Mexico anapatsidwa dzina la Atanasio Echeverría, katswiri wojambula zomera wa m'dzikomo. Crassula ovata, wonga kamtengo ka masamba onyezimira, kwawo ndi ku South Africa ndi Mozambique. Haworthia wa ku South Africa amamera mobisala pansi pa zitsamba ndi m'ming'alu ya miyala, choncho amakhala bwino m'chipinda chowala koma chopanda dzuwa lamphamvu. Kalanchoe wa maluwa owala amene amagulitsidwa kwambiri anachokera ku Madagascar. Aloe vera kwawo ndi ku Arabia, koma kuno kwathu tilinso ndi mitundu yathuyathu ya aloe imene imamera pamatanthwe. Umodzi ndi Aloe cameronii, umene masamba ake amafiira ngati mkuwa m'chilimwe. Unapatsidwa dzina la Kenneth Cameron, amene anautumiza ku munda wa Kew ku England kuchokera ku Nyasaland.

Gulu lachinayi ndi Lithops, tizomera tonga miyala ta ku South Africa, Namibia ndi Botswana. Mu 1811 William Burchell anatola kamodzi kumpoto kwa Cape akuganiza kuti ndi mwala. Kali ndi masamba awiri okha. Chaka chilichonse masamba atsopano amatuluka pakati n'kuyamwa madzi a masamba akale mpaka akalewo atauma ngati pepala. Pa nthawi imeneyi sitithirira konse. Woyamba kumene asayambe ndi Lithops. Ayambe ndi aloe vera, Crassula kapena Haworthia, zimene zimapirira zolakwa zathu.

Mphika ndi dothi

Mizu imapuma. M'dothi labwino muli timipata ta mpweya, ndipo madzi akadzaza timipata timeneti kwa masiku ambiri mizu imabanika n'kufa. Tizilombo toyambitsa kuwola timalowa m'mizu yakufayo n'kukwera m'tsinde. Chodabwitsa n'chakuti chomera chimene mizu yake yawola chimaoneka ngati chaludzu, chifukwa sichingathenso kumwa. Apa ndi pamene ife tinanyengekera.

Choncho mphika uliwonse ukhale ndi chibowo pansi. Chitini, kapu yosweka kapena chigubu chodula zonse zingagwire ntchito, bola tiboole mabowo atatu kapena anayi ndi msomali. Kuika miyala pansi pa chitini chosaboola sikuthandiza, chifukwa madzi amakhalabe momwemo. Mphika wadothi woumbidwa ndi wabwino koposa wapulasitiki, chifukwa umatulutsa chinyezi m'mbali. Mphika usakule kwambiri kuposa chomera. Mpata wa zala ziwiri kuzungulira chomeracho ndi wokwanira. Dothi lambiri limene mulibe mizu limasunga madzi opanda wowamwa.

Dothi timasakaniza tokha motere: muyeso umodzi wa dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola bwino, muyeso umodzi wa mchenga wakumtsinje wamaso akuluakulu, ndi muyeso umodzi wa njerwa zootcha zophwanyaphwanya kapena timiyala tonga nyemba kukula kwake. Tiziduswa ta makala tingawonjezeredwenso. Mchenga wosalala kwambiri umagwirana ngati simenti, ndipo makande amamata, choncho zimenezi tizipewe. Kwa kakitasi wa m'chipululu ndi Lithops tichulukitse miyala. Kwa Schlumbergera tichulukitse masamba owola.

Pali njira yoyesera. Tinyowetse dothilo pang'ono, tilifinye m'manja, kenako titsegule dzanja. Likamwazika ndiye kuti lili bwino. Likakhala ngati mtanda wa nsima, tiwonjezere mchenga ndi miyala. Tikasamutsa chomera kupita mumphika wina, tidikire mlungu umodzi tisanathirire kuti mizu yothyoka ipole. Kakitasi waminga timamugwira ndi nyuzipepala yopinda kangapo ngati lamba.

Kathiriridwe

Mvula ya m'malo ouma imagwa yamphamvu kamodzi, kenako kumauma kwa nthawi yaitali. Ifenso tizichita chimodzimodzi. Pothirira tithire madzi okwanira mpaka atuluke pansi pa mphika, titaye amene atsalira m'mbale, kenako tisiye mpaka dothi liume lonse. Kuwaza timadzi tochepa tsiku ndi tsiku kumanyowetsa khosi la chomera pamene mizu ya pansi ili ndi ludzu.

Kalendala si mlangizi wabwino pa nkhaniyi, chifukwa mphika wadothi pakhonde umauma msanga kuposa wapulasitiki m'chipinda. Tilowetse kamtengo kouma m'dothi mpaka pansi, n'kukasolola. Kakatuluka konyowa kapena komata dothi, tidikire. Tingathenso kunyamula mphika, popeza wouma umapepuka. M'chipinda chathu taona kuti m'miyezi yotentha ya Seputembala mpaka Novembala miphika imauma pakatha mlungu umodzi kapena masiku 10. M'miyezi yozizira ya Meyi mpaka Julayi imatenga milungu itatu kapena kuposa, ndipo kakitasi wa m'chipululu amakhala akupumula, kotero amafuna madzi ochepa zedi.

Chomera chimatiuza chokha mmene chilili. Masamba akachita makwinya koma ali olimba, chili ndi ludzu, ndipo chikamwa chimabwerera pakatha masiku awiri kapena atatu. Masamba akafewa, kuchita chikasu ndi kuonekera ngati muli madzi, chamwa mopitirira. Ludzu limachizika mosavuta, pamene kuwola kawirikawiri kumapha. Tikakayika, tidikire masiku ena atatu.

Nyengo yoopsa kwambiri kuno ndi dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene mvula ingagwe mlungu wonse. Miphika yonse ilowe pakhonde, pamene pali kuwala ndi mphepo koma mvula siyifika. Kumadera amene kumabwera chiperoni, kuzizira ndi chinyezi zikaphatikizana zimawoletsa msanga, choncho masiku amenewo tisathirire. Madzi asakhale pakati pa masamba a Echeveria kapena aloe, tizithira padothi. Ngati tikusunga chomera anthu angapo, tisankhe munthu mmodzi wothirira. Popita kutchuthi cha milungu inayi palibe chifukwa chodera nkhawa. Tithirire kamodzi masiku angapo tisananyamuke, n'kusiya miphika pamalo owala.

Feteleza amafunika wochepa. Manyowa a m'dothi lija amakwanira chaka chonse. Feteleza wa yuleya amakulitsa chomera mofulumira koma mofewa, ndipo chotere sichichedwa kuwola.

Dzuwa ndi malo oika

Mabuku ambiri ndi nkhani za pa intaneti zimalangiza kuika kakitasi pawindo loyang'ana kumwera. Olembawo amakhala ku Ulaya kapena ku North America, kumene dzuwa limadutsira chakumwera. Kwa ife zinthu n'zosiyana. M'miyezi yozizira dzuwa limadutsira chakumpoto, kotero windo loyang'ana kumpoto ndi limene limalandira dzuwa lambiri. Windo la kum'mawa ndi labwino chaka chonse chifukwa dzuwa la m'mawa silitentha kwambiri. La kumadzulo likhoza kuotcha masamba mu Okutobala.

Chomera chosowa kuwala chimatalika mowonda, chimatuwa, chimapendekera kuwindo, ndipo masamba ake amatalikirana. Mbali imene yatalika choncho sibwereranso mwakale. Chimene tingachite ndi kudula mutu n'kuubzalanso pamalo owala. Chomera chimene chapsa ndi dzuwa chimachita zipsera zoyera kapena zofiirira zimene sizichoka. Izi zimachitika makamaka tikachotsa chomera m'nyumba n'kuchiika padzuwa lamasana tsiku lomwelo. Tichizoloweretse pang'onopang'ono kwa milungu iwiri, kuyamba ndi ola limodzi kapena awiri a m'mawa. Kufiira pang'ono m'mphepete mwa masamba si matenda. Ndi mmene chomera chimadzitetezera ku dzuwa. Mlungu uliwonse tizitembenuza mphika kuti mbali zonse zilandire kuwala.

Pamsika timaonanso kakitasi wamutu wofiira kapena wachikasu wokhala pamwamba pa tsinde lobiriwira. Zimenezo ndi zomera ziwiri zolumikizidwa. Mutuwo ndi Gymnocalycium wopanda chlorophyll, amene anayamba kulimidwa ku Japan, ndipo sangapange chakudya payekha. Amadalira tsinde la pansilo, limene kawirikawiri ndi la dragon fruit. Amafuna kuwala kopanda dzuwa lamphamvu, ndipo sakhala zaka zambiri.

Kuchulukitsa popanda ndalama

Ubwino wa zomera izi kwa wophunzira ndi wakuti sitifunika kugula zambiri. Tsamba limodzi lopempha kwa mnzathu likhoza kutipatsa chomera.

Pa Echeveria, Crassula ndi Kalanchoe timathothola tsamba lathunthu popotokola pang'ono kuti lichoke ndi potulukira pake. Timalisiya pamthunzi masiku atatu kuti bala liume, kenako timaligoneka pamwamba pa dothi osalikwirira. Pakatha milungu ingapo timizu ndi kachomera zimatuluka, ndipo tsamba lakale limafota likamaliza kudyetsa mwana wake.

Aloe ndi Haworthia zimatulutsa ana m'mbali. Mwana akafika kukula ngati chala chachikulu ndipo ali ndi mizu yake, timamulekanitsa ndi mpeni woyera. Tsamba la aloe vera lobzalidwa palokha limangowola.

Pa kakitasi ndi nkhadze timadula nthambi n'kuisiya pamthunzi mlungu umodzi kapena iwiri mpaka podulapo patauma gwa. Kenako timaizika pang'ono m'dothi louma, n'kudikira mlungu wina tisanathirire. Lamulo ndi limodzi pa njira zonsezi: bala liume lisanakhudze dothi lonyowa. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi pamene kwayamba kufunda, cha mu Ogasiti ndi Seputembala.

Tizilombo ndi kuwola

Mdani wamkulu ndi tizilombo toyera tonga thonje, a mtundu umodzi ndi kodikodi amene amagwira chinangwa. Timabisala m'makwawa a masamba ndi m'mizu, n'kumayamwa madzi a chomera. Nyerere zikachuluka pamphika, tiyang'anitsitse, chifukwa zimatsata timadzi totsekemera timene tizilomboti timatulutsa. Timatichotsa ndi kathonje konyowetsa mu sipiriti, n'kubwereza mlungu uliwonse mpaka titatha. Chomera chachilendo chizikhala pachokha milungu iwiri chisanasakanikirane ndi zinzake.

Tikaona kuti tsinde layamba kuda, tisazengereze. Tizule chomeracho, tidule ndi mpeni woyera pamwamba pa powolapo mpaka tione mnofu woyera wopanda banga, tiumitse mutuwo mlungu umodzi, n'kuubzala m'dothi latsopano louma. Dothi lakale titaye ndipo mphika titsuke ndi sopo. Tikanadziwa zimenezi, Echeveria wathu uja akanapulumuka pa mlungu wachitatu.

Udindo wa wosunga zomera

Pali zinthu zitatu zimene tiyenera kusamala nazo. Choyamba ndi poizoni. Kupatula utomoni wa Euphorbia, Adenium ndi Kalanchoe nazonso n'zoopsa zikadyedwa ndi ana kapena ziweto. Mnofu wa m'kati mwa aloe vera anthu amapaka pakhungu lopsa pang'ono, koma madzi achikasu a pansi pa khungu la tsambalo amatsegula m'mimba kwambiri, ndipo amayi oyembekezera sayenera kumwa. Timinga ting'onoting'ono ta Opuntia timalowa pakhungu mosaoneka; timatichotsa pomata selotepi n'kuimatula.

Chachiwiri ndi kutaya zidutswa mwachisawawa. Nthambi imodzi ya Opuntia ikagwa pansi imamera. Ku Australia chomerachi chinabwera ngati mpanda ndi chokongoletsa, koma pofika mu 1925 chinali chitadzaza mahekitala pafupifupi 24 miliyoni ku Queensland ndi New South Wales, ndipo alimi ambiri anasiya minda yawo. Chinagonja boma litamwaza, kuyambira mu 1926, kagulugufe kausiku kotchedwa Cactoblastis cactorum kochokera ku Argentina, kamene mbozi zake zimadya mnofu wa chomeracho. Ku Laikipia m'dziko la Kenya, Opuntia akuvutitsabe oweta ziweto mpaka lero. Zidutswa zimene sitikuzifuna tiziumitse n'kuziotcha, osaziponya kuseri kwa hositelo. Nthambi za nkhadze zokha tisaotche pafupi ndi anthu, chifukwa utsi wake umapweteka m'maso.

Chachitatu ndi kuzula zomera kutchire. Kafukufuku amene bungwe la IUCN linatsogolera, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti mitundu 31 mwa 100 iliyonse ya kakitasi ili pangozi yotheratu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu ndi anthu ozula zomera kuti akagulitse. Ku South Africa tizomera ta Conophytum takhala tikubedwa tambirimbiri kupita kunja. Pangano la CITES, limene linayamba kugwira ntchito mu 1975, limaletsa kudutsa malire ndi mitundu yambiri ya kakitasi ndi aloe popanda chilolezo. Ifenso tikapita kukayenda kuphiri la Mulanje kapena Zomba n'kuona aloe atachita maluwa pathanthwe, timujambule chithunzi n'kumusiya pomwepo. Chomera chotenga zaka zambiri kuti chikule sichibwerera msanga pamalo pamene chazulidwa. Amene akufuna kudziwa mayina a zomera za kwathu angakaone ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba.

Zoti tichite ndi kukambirana

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi mwayi pa zomera izi, chifukwa zimapirira Loweruka, Lamlungu ndi tchuthi popanda wothirira, ndipo zimaphunzitsa sayansi popanda zipangizo zodula. Tiyese zinthu izi m'magulu athu:

1. Tithothole tsamba limodzi la mpiru ndi limodzi la Crassula, tiziike patebulo kwa masiku 7. Tilembe zimene tikuona tsiku lililonse. Kodi kusiyanako kukuchokera pati?

2. Tifinye madzi a tsamba la Kalanchoe 6 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo, n'kuwayesa ndi universal indicator wa mu labotale. Tisalawe, chifukwa chomerachi chili ndi poizoni. Ndi nthawi iti imene asidi ali wambiri, ndipo n'chifukwa chiyani?

3. Tiboole zitini ziwiri mofanana, china tiikemo makande, china dothi losakaniza lija. Tithire kapu imodzi ya madzi m'chilichonse n'kuwerenga nthawi imene madzi akutenga kuti atuluke.

4. Tiyende kuzungulira koleji n'kupeza zomera zisanu zosunga madzi. Ndi ziti zimene ndi kakitasi weniweni? Tatsimikiza bwanji?

5. Mnzathu wabweretsa Schlumbergera ndi Mammillaria, ndipo akufuna kuzibzala mumphika umodzi. Timulangize chiyani?

Pawindo lathu lija tsopano pali miphika isanu ndi umodzi, ndipo inayi inachokera ku masamba opempha. Pamphika uliwonse tinamatapo kapepala kolembapo dzina la chomera, dziko la kwawo ndi tsiku limene chinathiriridwa komaliza. Amene akufuna tsamba loyambira afike kuchipinda chathu atanyamula chitini choboola kale.